FUNSANI ATSIBWENI: Kodi mfuti ikutani pa mbendera yathu?

Moni nonse a ku Angonia, Tsangano, Macanga, Chifunde, osaiwala inu a ku Moatize ndi mu Tete mwenimwenimo kotentha kuja. Ulendo uno mameseji ambiri amene agwa pa foni ya tsamba lino akukamba chinthu chimodzi, mbendera. Paja pa 25 Juni, tsiku la ufulu wa Mozambique, payandikira, ana ayamba kale kuguba m'mabwalo a sukulu, nde mafunso angotuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Ndatolapo asanu. Inu amene munafunsa za malire a munda ndi za chiwongo mundipirire, tikumana mwezi wamawa. Mayina sindilemba, monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Atsibweni mulipo? Ine ndi mayi wa ana anayi kuno ku Ulongue, sukulu ndinalekezera panjira nthawi ya nkhondo ija. Mwana wanga wachiwiri ali kinta kalasi, wabwera ndi TPC, ntchito ya sukulu yochitira kunyumba, yoti ajambule mbendera nkulemba tanthauzo la mtundu uliwonse, wandifunsa ine ndangoti kukamwa yasa, bambo ake akuti chofiira ndi magazi zinazo sakudziwa. Tithandizeni m'Chichewa chomveka poti m'buku mwake ndi Chipwitikizi chokhachokha.
Mayi wa ku Ulongue

YANKHO: Mlongo wanga, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndipo bambo a mwanayo sanaphonye ayi, angofupikitsa.

Mwanayo ayambe chonchi. Pamwamba mzere wobiriwira, pakati wakuda, pansi wachikasu, ndipo polekanitsa mizere itatuyi pali timizere tiwiri toyera toonda. Mbali ya kumtengo kuli chigamba chofiira cha ngodya zitatu chosongokera mkati, mmenemo muli nyenyezi yachikasu ya nsonga zisanu, pa nyenyezipo pagona buku lotsegula, pamwamba pa bukulo khasu ndi mfuti zapingasana. Ana ambiri amatembenuza nkuika chikasu pamwamba. Kuti asaiwale akumbukire munda wanu womwewo, chimanga chimamera pamwamba, golide amakhala pansi.

Matanthauzowa munthu sangopeka, analembedwa m'malamulo aakulu a dziko, Konstitwisawo ija. Chobiriwira ndi chuma cha panthaka, ndipo inu a ku Angonia mtundu umenewu ngwanu kwambiri chifukwa chimanga, nyemba, kachewere ndi fodya zimene zimatsika phiri pa malole kupita ku Tete zimachoka m'manja mwanu. Chakuda ndi Africa. Chachikasu ndi chuma cha pansi pa nthaka. Choyera ndi mtendere, komanso kunena kuti nkhondo imene anthu anamenya inali yachilungamo. Chofiira nde chanyamula zambiri, kukana utsamunda kwa zaka mazanamazana, nkhondo yomenyera ufulu, ndi kuteteza dziko kuti lisalandidwenso. Buku ndi maphunziro, khasu ndi ntchito ya manja yotulutsa chakudya, mfuti ndi chitetezo. Nyenyezi ndi kugwirizana ndi anthu a mayiko ena pa mavuto awo.

Ya nyenyeziyi mwanayo asaione ngati mawu a m'buku chabe. Ankhondo athu ankaphunzira ku Nachingwea ku Tanzania, ena oyamba anakaphunzira ku Algeria, ndipo olowa kuno ku Tete ankadzera ku Zambia. Ife titapeza ufulu tinabweza, mu Malichi 1976 pulezidenti wathu woyamba Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith ndipo ankhondo a Zimbabwe anapatsidwa malo kuno, mpaka mu Novembala 1977 ndege za Smith zinadzaphulitsa ku Chimoio ndi ku Tembwe kuno ku Tete komwe. Mutu umodzi susenza denga, koma denga la Zimbabwe linatilemera ife a ku Tete kuposa ambiri.

Mtundu umene umandiwawa ine ndi wachikasuwo. Malasha a ku Moatize akhala akutuluka pa sitima kupita kunyanja kuyambira 2011, midzi ina inasamutsidwa kupita ku Cateme kuti migodi ikule, anyamata athu ku Chifunde ndi ku Macanga akulowa m'maenje kufuna golide ena osatulukamo, nde ukafika pa sukulu ya kumudzi nkupeza ana akhala pa miyala pansi pa mtengo wa mango kujambula mzere wachikasu womwewo pa bondo poti desiki palibe, mtima umafunsa kuti chikasuchi chikupita kuti. Zimenezi mwana asalembe pa TPC, alembe zimene ndanena pamwambapa aphunzitsi amuchonge. Koma inu make mukamamuthandiza kupaka kalayoni muzidziwa kuti mzere umenewo ukunena za nthaka imene mwapondapoyo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa za iyo pa msonkhano uliwonse.

FUNSO: Atsibweni ine ndimapalasa kabaza pa Calomue, tsiku ndi tsiku ndimakhala ndi anzanga a ku Dedza. Akaona kambendera kamene ndinamanga pa handulo amati inu Amozambiki ndi anthu a nkhondo eti, mfuti mpaka pa mbendera, ife yathu ndi dzuwa basi. Ndimapsa mtima koma chowayankha ndilibe. Komanso agogo anga aakazi sakondwa nako kambenderako, amati chotsa chimenecho chinandidyera ana. Kodi ndi ife tokha dziko lonse lapansi tili ndi mfuti pa mbendera? Nanga bwanji osangoichotsa?
Mnyamata wa kabaza, Calomue

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndi limene landigonetsa mochedwa sabata ino, chifukwa muli anthu awiri mmenemu, anzako a ku Dedza ndi agogo ako, ndipo sangayankhidwe mofanana.

Tiyambe ndi chophweka. Zida pa mbendera si ife tokha. Ya Kenya ili ndi chishango ndi mikondo iwiri, ya Eswatini chimodzimodzi, ya Angola ili ndi chikwanje, ya Saudi Arabia lupanga, ya Guatemala ili ndi mfuti ziwiri zachikale. Chathu chosiyana nchakuti mfuti yathu ndi yamakono, ya mtundu wa Kalashnikov, AKM imene tonse timaidziwa, ili ndi mpeni wake kutsogolo, ndipo pa mbendera za mayiko palibenso ina yotero. Anzathu a ku Zimbabwe nawo ali ndi mfuti yomweyo yopingasana ndi khasu, kungoti anaiika pa chizindikiro cha boma osati pa mbendera.

Anzakowo uwauze modekha kuti ufulu sunabwere njira imodzi. Amalawi anavutika ndithu, mu 1959 anthu anaphedwa ndipo Kamuzu anamangidwa, koma mapeto ake Angelezi anakhala pansi nkukambirana, pa 6 Julaye 1964 mbendera ya dzuwa lotuluka inakwera. Apwitikizi a Salazar, wolamulira wa Portugal nthawi imeneyo, sankafuna kumva zokambirana. Kwa iwo kuno kunali chigawo cha Portugal basi. Makolo athu ankagwidwa chibalo, asupayi kuzungulira midzi, mbalamatodya m'manja mpaka kutupa chifukwa cha msonkho. Pa 16 Juni 1960 anthu anapita ku boma ku Mueda chimanjamanja kukapempha ndi pakamwa, anawomberedwa. Frelimo inakhazikitsidwa ku Dar es Salaam mu 1962 ndi Eduardo Mondlane, ndipo pa 25 Seputembala 1964 mfuti inalira ku Chai ku Cabo Delgado. Kuno ku Tete nkhondo inayaka kwenikweni kuyambira 1968, nthawi imene Apwitikizi ankakonzekera kumanga damu la Cahora Bassa, ndipo iwo poopa kuti anthu akudyetsa ankhondo anayamba kusonkhanitsa midzi m'ma aldeamento, midzi yolonderedwa ndi asilikali. Pa 16 Disembala 1972 asilikali awo analowa ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete, nkupha anthu wamba mazana angapo, azimayi, ana, nkhalamba. Dziko lapansi linadzamva mu 1973 wansembe Adrian Hastings atalemba mu nyuzi ya The Times ku London, ndipo mpaka 2022 ndi pamene nduna yaikulu ya Portugal António Costa inapepesa ili ku Maputo. Zaka 50 mphwanga. Amene anaika mfuti pa mbendera anali anthu ochokera kutchire kumeneko, kwa iwo mfutiyo ndi imene inatsegula chitseko chimene pakamwa panalephera kutsegula, mpaka Apwitikizi anasaina ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974.

Amenewo ndi mayankho a ku Dedza. Koma agogo ako usawayankhe choncho, usayerekeze.

Agogowo akunena nkhondo ina, ya zaka 16 ija imene inatha pa 4 Okutobala 1992 atasaina ku Roma a Joaquim Chissano a boma la Frelimo ndi a Afonso Dhlakama a Renamo. Mfuti yomwe ija, mtundu womwewo, inali m'manja mwa mbali zonse ziwiri ndipo inaloza ife tomwe. Ine ndinali mnyamata wosinkhukirapo, tinathawa usiku mayi anga atasenza mphika ndi mwana kumbuyo, khasu ndi limene bambo anakana kusiya, tinawoloka nkukakhala kwa achibale mbali ya Dedza konko zaka zingapo tikulima minda ya eni ake, ndipo mng'ono wanga mmodzi amene anatsalira kukatenga mbuzi sitinamuonenso mpaka lero, manda ake palibe. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi nthawi imeneyo, ndipo makolo a anzako akukusekawo ndi amene anatipatsa pogona, chimenechonso usaiwale ukamakangana nawo. Ndipo sizinathere pomwepo, mu 2015 ndi 2016 anthu a mbali za Moatize anathawiranso ku Kapise ku Mwanza, ku Cabo Delgado nako kwakhala kukulira mfuti kuyambira 2017. Nde munthu amene anaika ana m'manda, kapena amene analephera nkuwaika komwe, akaona chithunzi cha mfuti saona Chai ayi, amaona usiku umene anathawa. Agogo ako sakulakwa. Kambenderako ukafika pakhomo pawo uzikamasula ukaike m'thumba, pamsewu uzikamanganso.

Zochotsa zinayesedwapo. Mu 2005 panali mpikisano wojambula mbendera ndi chizindikiro chatsopano, a Renamo ankafuna mfuti ichoke, koma kumapeto kwa chaka chomwecho aphungu a Frelimo amene anali ambiri ku Assembleia, nyumba ya malamulo, anakana, mbendera inatsala momwemo. Kusintha mbendera si chinthu chosatheka, a Lesotho mu 2006 anachotsa chishango ndi mkondo nkuikapo chipewa chawo chaudzu posonyeza mtendere. Koma anzako a ku Dedza akudziwanso mmene zimathera mtsogoleri akasintha anthu asanavomere, a Bingu wa Mutharika mu 2010 anaika dzuwa lathunthu loyera, mu 2012 nthawi ya amayi Joyce Banda yakale ija inabwerera.

Ukandifunsa ine mtima wanga, ndinena mosabisa. Ndikanakonda mfutiyo itapuma, ikakhale pa zipilala za ngwazi ndi m'mabuku a mbiri kumene ana angaphunzire chifukwa chake inalira, pa mbendera patsale buku ndi khasu. Koma osati poti a ku Dedza akutiseka, komanso osati chipani chimodzi kungogamula, afunsidwe anthu, achikulire amene anamenya nkhondo ya ufulu alankhule, agogo ako nawonso alankhule. Ndikudziwa akuluakulu ena amene anagona kutchire zaka zambiri awerenga izi mtima ukuwawa, ndipo ndimawalemekeza kwambiri, popanda iwo bwenzi tsamba lino kulibe. Chimene chinandipatsa maganizo amenewa ndi ntchito imene a mipingo anayamba mu 1995, bungwe la Conselho Cristão de Moçambique motsogozedwa ndi bishopu Dinis Sengulane, yoti munthu abweretse mfuti imene anakwirira alandire khasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo ankazidula, amisiri nkuwotcherera zidutswazo kupanga mipando ndi mitengo yachitsulo, zina zili ku British Museum ku London. Taona, zinthu ziwiri zomwe zapingasana pa mbendera zija, anthu anasinthanitsa china ndi chinzake ndi manja awo, ndipo palibe amene anapita ndi khasu kukapempha mfuti.

FUNSO: Atsibweni, pa wailesi ya ku Malawi ndinamva mpikisano akufunsa mawu oyendera dziko lawo, wina anayankha kuti umodzi ndi ufulu nkuwina mayunitsi. Nanga athu kuno ndi ati? Ine ndimati A luta continua, mkazi wanga akuti ayi ndi do Rovuma ao Maputo. Tabetcherana nkhuku.
Bambo wa ku Tsangano

YANKHO: Achimwene, nkhukuyo muphe mudyere limodzi chifukwa palibe wawina. Konstitwisawo imatchula zizindikiro za dziko zitatu zokha, mbendera, emblema (chizindikiro cha boma) ndi nyimbo ya fuko. Mawu oyendera dziko, amene pa Chipwitikizi amati lema, mulibemo. Pa riboni yofiira ya pansi pa emblema panalembedwa dzina la dziko basi, República de Moçambique.

Anzathu otizungulira ali nawo. A Malawi pa chizindikiro chawo, chija chili ndi mkango ndi kambuku ndi nkhwazi pamwamba, analemba Unity and Freedom, ndiye umodzi ndi ufulu munamvawo. A Zambia amati One Zambia One Nation, kunena kuti Zambia imodzi mtundu umodzi, mawu a nthawi ya Kaunda. A Zimbabwe amati umodzi, ufulu, ntchito.

Anu aja a A luta continua, kunena kuti nkhondo ikupitirira, ndi mfuwu wa Frelimo wa nthawi ya Mondlane umene Samora ankaukuwa m'misonkhano anthu nkuyankha continua, ndipo unawoloka malire mpaka ophunzira a ku South Africa ndi ku Nigeria amaunena osadziwa nkomwe kuti unachokera kuno. Aja a mayi a kunyumba ndi onena kutalika kwa dziko, kuchokera mtsinje wa kumalire ndi Tanzania mpaka kummwera kwenikweni, ndipo mu 1975 Samora anayendadi ulendo umenewo kuchokera ku Rovuma kukafika ku likulu ufulu usanalengezedwe. Mawuwa alimonso mu nyimbo ya fuko ya Pátria Amada imene tinayamba kuimba mu 2002, nde ngati pali amene wayandikira pang'ono ndi mayiwo, muwapatse chiwindi ndi nthutumba.

Pali chimodzi chimene ndimachiganizira ndikamva mawu amenewa. Rovuma ndi Maputo ndi kumpoto ndi kummwera. Ife a ku Tete tili chakumadzulo, dziko linachita kutuluka ngati mkono kulowa pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mwina nchifukwa chake pena timamva ngati otsalira. Anthu ena amati do Zumbo ao Índico, kuchokera ku Zumbo kukafika kunyanja, ndipo amenewo ine amandikomera poti akutitchula. Malire enieniwa anadula ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, ife osafunsidwa, nchifukwa chake pa Lizulu msewu umodzi mbali ino metikali mbali iyo kwacha, mbumba imodzi mbendera ziwiri, ndipo mu Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, a ku Malawi, a ku Zambia ndi ife, Chichewa chimodzi gule mmodzi.

FUNSO: Ndakatenga BI yanga yoyamba, chiphaso cha unzika, mwezi watha. Pali chidindo chozungulira chokhala ndi zinthu zambirimbiri, chomwechonso ndachiona pa chipewa cha apolisi ndi pa khoma la ku administrasawo. Ndi mbendera yomweyo kapena ndi china? Ndaona ngati pali chimanga.
Mtsikana wa desima kalasi, Furancungo

YANKHO: Mwana wanga, maso ako ndi akuthwa, chimangacho chilipodi. Imeneyo ndi emblema, chizindikiro cha boma, imakhala pa mapepala a boma, pasipoti, ma setifiketi a sukulu ndi m'maofesi. Ndi mbale wake wa mbendera koma ili ndi zake.

Pakati pali zitatu zomwe zija, buku, mfuti ndi khasu, koma apa zakhala pamwamba pa mapu a Mozambique, pansi pa mapuwo pali mafunde a nyanja ya mchere, kumbuyo dzuwa lofiira likutuluka kusonyeza moyo watsopano umene ukumangidwa. Zonsezi zazunguliridwa ndi gudumu la mano ngati giya ya chigayo, limenelo likuimira anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Mbali imodzi phesi la chimanga lili ndi chisononkho chake, mbali ina nzimbe, kunena chuma cha ulimi. Pamwamba nyenyezi, koma ya apa ndi yofiira pomwe ya pa mbendera ndi yachikasu, pamayeso amakonda kukola ana pamenepo. Pansi riboni ya dzina la dziko. Agogo ako akakhala kuti anasunga mapepala akale uwapemphe uone, upeza palembedwa República Popular de Moçambique, liwu la Popular linachoka mu 1990 pamene malamulo atsopano analola zipani zambiri. Kamangidwe kake konse, gudumu, nyenyezi yofiira, mbewu m'mbali, nkofanana ndi zizindikiro za mayiko a sosholizimu a nthawi imeneyo, paja Frelimo inalengeza njira imeneyo mu 1977 nkudzaisiya mu 1989.

Uonenso bwino pamene buku lakhala. Lili pansi pa khasu ndi mfuti, ndi limene lanyamula zinzakezo. Malamulo sanena kuti anachitira dala, amenewo ndi maonedwe anga ine, koma ndakuuza iwe makamaka poti uli desima ndipo ndikudziwa mmene atsikana a msinkhu wako amakokedwera ku banja fodya akagulitsidwa ndalama zikalowa m'mudzi. Umalize mpaka desima segunda mwana wanga, BI imeneyo ikagwire ntchito yolembetsa mayeso kaye.

FUNSO: Atsibweni ndinapita ku Tete kukagulitsa kachewere, madzulo ndikudutsa pafupi ndi ofesi ina ya boma ndinangomva wapolisi akundikalipira kuti ima, kani akutsitsa mbendera, anthu onse anali ataima ine ndekha ndikuyenda ndi thumba pamutu. Ndinachita manyazi kwambiri. Koma ine si wa chipani cholamula, nde ndiimirenji mbendera ya chipani cha eni ake?
Wogulitsa kachewere, Domue

YANKHO: Achimwene pepani ndi manyazi amenewo, munthu wochokera kumudzi amene sanazolowere za mtauni amafunika kumuuza mwaulemu osati kumukalipira pagulu, wapolisiyo pamenepo sanachite bwino. Mwambowo ulipodi, mmawa pokweza ndi madzulo potsitsa amene ali pafupi amaima, chipewa nkuvula, mpaka ithe. Sizitenga nthawi.

Zoti ndi ya chipani, ndikumvetsa kumene maganizowo akuchokera ndipo sindikunamizani kuti palibe chibale. Mbendera imene Frelimo inkagwiritsa ntchito kutchire inali ndi mizere yomweyi ndi chigamba chofiira chomwechi, kungoti munalibe nyenyezi, buku, khasu ndi mfuti. Imene inakwera pa bwalo la Machava usiku wa pa 25 Juni 1975 inali ina, mitundu yake inkachokera pa ngodya ya pamwamba nkumwazika chopendekeka ngati kuwala kwa dzuwa, ili ndi gudumu loyera pakona. Ya lero inayamba pa 1 Meyi 1983, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo anabwerera ku kamangidwe ka kutchire kaja. Nde amene amati inabadwira m'chipani sakunama. Nyimbo ya fuko yakale nayo inkatamanda chipani ndi dzina, ija inasinthidwa mu 2002, mbendera ndi imene inatsala.

Koma lero zipani zili ndi zake. Frelimo ili ndi yofiira ya ng'oma ndi chimanga, Renamo ili ndi nkhwali, MDM ili ndi tambala. Iyi ya mizere itatu ndi imene Maria Mutola anakwezetsa ku Sydney mu 2000 atawina golide pa mamita 800, ndi imene Mambas, timu yathu ya mpira ya dziko, amavala, ndipo achinyamata amene amatuluka m'misewu kukadandaula za boma nawonso amafunda yomweyi pamapewa. Mukaisiyira chipani ndiye kuti mwawapatsa ndi mzere wobiriwira womwe, umene ndi kachewere wanuyo munasenza pamutu. Ngakhale liwu loti mbendera tinalanda kwa Apwitikizi, iwo amati bandeira, monga tinalandira nsapato ndi kalata, lero ndani anganene kuti si Chichewa?

Ine ndimaima. Mwamva kale pamwambapa kuti mfuti ija sindigwirizana nayo, koma ndimaima, ndipo nthawi imeneyo ndimakhala ndikutchula mumtima dzina la mng'ono wanga uja anatsalira kukatenga mbuzi. Inu mudzasankha wanu womukumbukira. Ulendo wina mukadzamva wezulo madzulo mudzangotula thumbalo pansi.

Amene munaiona ndi maso mbendera ya 1975 ija ikukwera koyamba kwanuko, kaya ku Ulongue, ku Zobue, ku Fingoe kapena pa sukulu ya mishoni, tanditumizirani meseji mundiuze munali ndi yani ndipo ya Apwitikizi anaitsitsa ndani. Olemba movutika atume mdzukulu ajambule mawu pa WhatsApp, ndidzamvera ndekha.